Utsi wa Ulemu wa a Mphuno

Alamu anga anthu ankawatchula a Mphuno, ndipo iwo ankayankha mosanyinyirika. Sikuti mphunoyo inali yaikulu ayi, kanali kamphuno wamba, kopindikira pang'ono kumanzere. Koma ntchito yake! Ukangolowa pakhomo, usanapereke n'komwe moni, ankakuuza kuti wadutsira kokazinga nyama, wakwera basi yodzaza, ndipo sopo wasintha. Ine ankandinyansa nazo. "Tsabola, lero wakangana ndi munthu, thukuta lako likununkha ukali," ankatero. Dzina la Tsabola anandipatsa ndi iwowo ndili kamtsikana, nthawi imene ankafunsira achemwali anga, ndipo landikakamira mpaka imvi zino.

Ankagulitsa mowa m'bala yaing'ono ya pansi pa nyumba yosanja, ndipo iwo ndi achemwali ankagona m'chipinda cha pamwamba pake. Pokwerera panali pamodzi pokha, masitepe amatabwa, opanikiza, oyambira m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa kauntala. Pansi pa masitepewo panali firiji yakalekale, makatoni a mabotolo ounjikana, ndi soketi yothimbirira m'mbali mwake. Ndayamba ndi masitepewa chifukwa achemwali anali atafa ziwalo mbali imodzi. Sitiroko inawagwetsa ali pa makina osokera, n'kuwalanda mwendo, dzanja ndi mawu. Kuchokera pamenepo sanatsikenso. Tsiku lililonse ndikamakwera kukawasambitsa ndinkayang'ana makatoniwo, n'kuyang'ana soketiyo.

"Alamu, munthu mukumusunga pamwamba pa nkhuni," ndinkatero. "Tsiku lina kukadzayaka kuno mudzamutsitsira pati?"

Iwo ankangogogoda mphuno ndi chala. "Mlonda ali apa. Waya asanaganize n'komwe zopsa, ine ndidzakhala nditamumva."

Chowawa n'chakuti sankanama. Tsiku lina anasiya kasitomala tambula ili m'malere, n'kuwoloka msewu kukauza mayi wochapa zovala kuti simbi yake ikuwotcha tebulo. Mayiyo anali panja akucheza, chitseko chili chotseka. Msewu wonse unaidziwa nkhaniyo, ndiye ine ndikamalalata ndinkaoneka ngati wamisala.

Ntchitoyi anaiyamba potsuka matambula m'hotela ina. Anzawo ankapungulira zotsala m'kamwa, koma iwo ankangonunkhiza, chifukwa mowa unawatengera bambo awo ndipo sankaufuna m'mimba. Ankatha kunena kuti tambula iyi munali chakutichakuti, ndipo womwayo amasuta. Mkulu wa pa hotelapo ataona zimenezo anawachotsa pa sinki n'kuwaimika pa kauntala. Moyo wawo wonse wakhala umenewo: kuthira, kupukuta, kumvetsera mabodza a amuna, kununkhiza. Akafuna kulawa ankangonyowetsa lilime n'kulavula. Achemwali ankakonda kunena, mawu akadalipo, kuti anakwatiwa ndi munthu yekhayo m'tauni amene amabwera kuchokera ku bala akuyenda mowongoka.

Makasitomala a balayo ambiri anali a beboni, wisiki uja wotsekemera wopangidwa ndi chimanga. Anthu okakamira inu! Ukawatchulira wisiki wa utsi, uja amene balere wake amamuumitsa pa utsi asanamufulule, ankakwinya nkhope. Ena ankati ndi mankhwala otsukira zilonda, ena ankati ndi tayala lopsa. Koma alamu anali ndi botolo limodzi limene ankalikonda ngati mwana wawo, la utsi wochepa, lofewa pakhosi.

"Uwu ndi utsi wa ulemu," ankawauza. "Sungolowa m'nyumba mwa eni ngati wapolisi. Umagogoda, umavula nsapato. Ndipo mowawu unagona m'migolo momwe munali beboni wanuyo, ndi pachibale amenewa."

Sankakakamiza munthu. Tsiku loyamba ankamuthirira beboni wake wa masiku onse, koma pafupi ndi chigongono ankamuikira tambula yopanda kanthu imene aitsukuluza ndi kadontho ka wa utsi uja. Munthu ali kalikiliki kucheza, kafungoko kakumuzungulira. Ulendo wina ankayatsa kachibanthu ka mgolo wakale pa mbale, n'kukavindikira ndi tambula kuti utsi ukhalemo, kenako n'kuthiramo beboni yemwe uja. Pofika tsiku lothira weniweniyo munthu ankangoti, "Aa, koma ndiye ndi wofatsa bwanji!" Ndipo wina akadzidzimuka ndi fungolo, alamu anali ndi mawu awo amene bala yonse inawaloweza.

"Poyamba aliyense amati tayala likupsa. Musathawe. Khalani pansi, pumani pang'onopang'ono, dikirani. Kutsekemera kuli kumbuyo."

Anawatembenuza mmodzimmodzi. Ometa tsitsi a pakona, amene ankalumbira kuti sadzalawa, anasanduka mlaliki wake. A butchala nawo ankabwera ndi epuloni yamagazi n'kumatseka maso ponunkhiza ngati ali m'pemphero. Anatsala mmodzi yekha, a Dalaivala, chimunthu chachikulu choyendetsa lole, amene ankati utsi amaupuma wokwanira pamsewu, safuna wina m'tambula. Ine ndinkaona zonsezi podutsa ndi beseni langa, ndipo sizinkandiseketsa. Chipinda chathunthu cha amuna akuluakulu chinali chitaphunzira kuti ukamva utsi uzikhala pansi n'kumwetulira.

Kudenga kunali kabelu koyera kaja kamene kamalira kakamva utsi. Ndiye mukuganiza kuti kakanapirira zibanthu zoyatsa tsiku ndi tsiku? Kankakuwa, makasitomala n'kumatseka makutu. Alamu anakwera pa mpando, anachotsa batire, n'kuliponya m'dirowa ya zotsekulira mabotolo.

Musaganize kuti anali munthu wosasamala za mkazi wake. Ayi ndithu, pamenepo ndingawanamizire. Achemwali anali ndi supuni pafupi ndi pilo, ndipo akafuna kanthu ankagogoda paipi ya madzi imene inkatsika mpaka kuseri kwa kauntala. Ikangolira, alamu ankakuwa kuti, "Ndikubwera, mayi!" n'kusiya zonse. Ankawapesa tsitsi, ankawadula zikhadabo, ankawapititsira zivindikiro za mabotolo atsopano kuti anunkhize. Cha utsi chija achemwali ankachikankha ndi dzanja lamoyolo, nkhope atakwinya. Alamu ankaseka n'kumati m'nyumba yonseyo akazi awo okha ndi amene anakana kutembenuka.

Nyengo ina yozizira chimfine chinawagwira alamu, chija chogwetsa munthu pabedi ndi kutentha thupi. Anachira, anabwerera pa kauntala. Koma ine ndinaona kuti asiya kundiputa. Ndinasintha mafuta odzola, iwo zii. Ndinabwera nditadya adyo, iwo zii. Ndinkangoti mwina ukalamba wawapatsa ulemu.

Masana ena ndikukwera masitepe, fungo linandilandira ndisanafike n'komwe pachitseko. Achemwali anali atadziyipitsira. Zimachitika kwa wodwala, si nkhani. Nkhani inali yakuti alamu anali atakhala pa bedi pomwepo, akuwamwetsa tiyi, akuwasimbira nthabwala za a butchala, pamene achemwali misozi ya manyazi ikutsikira m'khutu. Munthu amene ankamva simbi kutsidya kwa msewu!

Ndinawasambitsa achemwali, ndinasintha zofunda, kenako ndinawakokera alamu pa masitepe n'kutseka chitseko. Ndinatsekula botolo la mankhwala otsukira kuchimbudzi, aja oluma m'maso, n'kuwaika pamphuno.

"Ndi chiyani ichi?" ndinafunsa.

Anapuma mwamphamvu, kawiri konse. Maso anafiira, koma nkhope sinasinthe.

"Palibe, Tsabola," anayankha motsitsa mawu. "Zili ngati ndikununkhiza khoma."

"Kuyambira liti?"

"Chichokereni chimfine chija. Adokotala akuti mwina ibwerera, mwina ayi." Anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo. "Usauze munthu. Mwini bala akamva andichotsa, ndipo chipindachi chimapita limodzi ndi ntchito. Mabotolo onse ndimawadziwa pamtima. Ndikumayang'ana nkhope za anthu, akamwetulira nanenso ndimwetulira. Palibe amene wadziwa."

Ndinachita mantha, mantha enieni. Sindinkaganiza za ntchito yawo ine. Ndinkaganiza za mlonda uja amene ankamugogoda ndi chala, kuti wafa kalekale ali pa ntchito, ndipo achemwali akugona pamwamba pa makatoni popanda wowalondera.

Tsiku lomwelo ndinatenga batire m'dirowa, ndinakwera pa mpando ndekha ndi mawondo angawa, n'kulibwezera m'kabelu. Sikanathe tsiku. Atangoyatsa kachibanthu kanayamba kukuwa, ometa tsitsi anadzitayira mowa pa thalauza, anthu anafa nacho chiseko, batire n'kubwerera m'dirowa. Ndinalalata mpaka mawu anasasa. Ndinati chabwino, siyani zoyatsayatsazo. Anati akasiya anthu afunsa chifukwa chake. Ndinati ndiye achemwali ndikuwatenga, kwanga n'kopanikiza koma ndi pansi, chitseko chimatulukira pabwalo. Achemwali atamva anagwira malaya a amuna awo ndi dzanja lamoyo lija, n'kumapukusa mutu. Ndinawakalipira nawonso, wodwala yemweyo, chifukwa ine ndikaopa ndimakalipa.

Masiku amenewo nyumbayo inayamba kuonetsa zizindikiro. Magetsi ankaphethira popanda chifukwa. Firiji inkang'ung'udza, n'kusiya, n'kuyambanso. Ndinagwira soketi ija tsiku lina, inali yofunda ngati chipumi cha mwana wodwala. Mwini bala anati wamagetsi akubwera, ndipo wamagetsiyo ankangobwerabe. Ndinati zimitsani firijiyo. Alamu anati potseka amaizimitsa, koma masana anthu amafuna ayisi.

Mmawa wina ndinalowa mwakachetechete n'kuwapeza atagwada pansi pa masitepe, nkhope ataigunditsa pa soketi, akununkhiza. Ankachita zimenezo mmawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo thupi linali lisanauzidwe kuti n'zopanda ntchito. Atandiona anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Wapambana, Tsabola," anatero. "Ndalankhula nawo amayi, avomera. A Dalaivala afika Loweruka. Ndiwapempha kuti mawa lake atithandize kuwatsitsa pa mpando, bedi tikweze pa lole. Ndi okhawo amene angathe kuwanyamula pa masitepe awa osawagwetsa."

Ndinapita kwathu kukasesa chipinda, ndinachapa makatani, ndinasuntha kabati kuti bedi lidzayang'ane pawindo. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinadya chakudya n'kuchimva kukoma.

Zimene zinachitika Loweruka masana ndisanafike anandisimbira pambuyo pake ndi ometa tsitsi, akulira ngati mwana. Bala inali yodzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti lero a Mphuno agwetsa a Dalaivala. Botolo latsopano la utsi wa ulemu linali pa kauntala. Chitseko cha kachipinda ka katundu chinali chotseka, monga ankachitira nthawi zonse kukakhala anthu. A Dalaivala anali ndi beboni wawo m'manja, ndipo mwadzidzidzi anatukula mutu.

"A Mphuno, penapake pakupsa tayala," anatero.

Chiseko chake! Anthu anamenya matebulo. "Wayamba! Wayamba!" A Dalaivala anafuna kuimirira, koma a butchala anawakanikiza paphewa n'kuwabwezera pa mpando.

"Musathawe, akulu," anatero a butchala. "Tonse tinayambira pomwepo. Khalani pansi, pumani pang'onopang'ono."

"Dikirani," ometa tsitsi anamalizitsa, maso atatseka. "Kutsekemera kuli kumbuyo. Koma lero mwawonjeza, a Mphuno. Wakhwima ameneyu!"

Alamu anayang'ana nkhope zonsezo, zonse zikumwetulira, nawonso anamwetulira. Paipi inayamba kulira. "Ndikubwera, mayi!" anakuwa, n'kuuza anthu kuti amayi akufuna tiyi, angomaliza kaye ndi a Dalaivala. Ndipo amuna onse aja anakhala phee, akukoka mpweya pang'onopang'ono, kudikira kutsekemera.

Ine ndinalowa nthawi imeneyo, nditanyamula zofunda zochapa zoti tidzawakutire achemwali pa ulendo. Fungo linandimenya pakhomo. Silinali la kachibanthu, limenelo ndinkalidziwa mpaka m'zovala zanga. Ili linali lowawa, la pulasitiki, lokanda kukhosi. Ndipo supuni ija sinkagogoda ngati ya tiyi. Inkangomenya osapumira.

Ndisanatsekule pakamwa, a butchala anafunsa mosangalala, "Kodi mwayatsa kachibanthu ka mtundu wanji lero?"

Ndinaona alamu akutsitsa maso. Mbale inali pa kauntala, yoyera, kachibanthu kali gone osayatsidwa. Machesi anali pambali pake. Botolo linali m'manja mwawo, chivindikiro chisanathyoledwe n'komwe. Nkhope imene anachita sindikufuna kuikumbukira, koma imabwera yokha.

Paipi inasiya kulira.

Botolo linagwa. Anatsekula chitseko cha kachipinda kaja, ndipo utsi wakuda bii unagubuduka kulowa m'bala, kuseri kwake moto ukunyambita masitepe. Anatenga thaulo lonyowa la pa kauntala, anadziphimba kumutu, n'kulowa momwemo. Ine ndinataya zofunda n'kuwatsatira, koma wina anandigwira m'chiuno n'kundikokera panja ndikumenya mateche, ndikutukwana aliyense ndi mtundu wake. A Dalaivala okha ndi amene mutu unagwira ntchito. Anathamangira lole yawo, anaibweza chafutambuyo mpaka pansi pa windo la pamwamba, amuna n'kukwera. Galasi linasweka, utsi unatuluka, kenako manja a alamu anatulukira atanyamula achemwali m'bulangete. Anawalandira bwinobwino. Moto sunawakhudze ngakhale tsitsi, ndipo supuni inali idakali m'dzanja.

Koma utsi umakwera msanga kuposa munthu. Unali utadzaza chipindacho nthawi yonse imene pansi ankaseka. Kuchipatala anawaika pa makina opumira, ndipo patapita masiku ochepa anatisiya, osatsekulanso maso. Ndinalira mokwiya. Pa maliro ometa tsitsi ndi a butchala anabwera kudzandipepesa, ine ndinangowayang'ana mpaka anachoka okha.

Alamu anatuluka m'chipatala manja ali m'mabandeji, alibe ntchito, alibe pogona. Ndikanatani? Ndinawaika m'chipinda chija ndinasesera achemwali, cha makatani ochapa. Tinakhala miyezi osalankhulana kwenikweni. Ndinkawaikira chakudya, ankadya, ankatsuka mbale yawo ndi zala zokhwinyatazo. A Dalaivala ankabwera nthawi zina kudzakhala nawo pakhonde. Ndinamva kuti mowa anausiyiratu, ngakhale beboni wawo uja.

Mmawa wina ndikusita, alamu anaima pakhomo la khitchini.

"Tsabola, yabwerera," anatero. "Mphuno yabwerera. Zimitsa simbiyo, penapake pakupsa."

Ndinazimitsa. Tinazungulira nyumba yonse, palibe. Ndinawapatsa sopo kuti anunkhize, anati utsi. Buledi, utsi. Malaya ochapa kumene, utsi. Adokotala anati zimachitika, mphuno ikamadzuka nthawi zina imagwira fungo limodzi n'kulikakamira, ndipo sangalonjeze kuti lidzachoka. Silinachoke.

Tsopano moyo wawo ndi umenewo. Amayenda chipinda ndi chipinda, kugwada pa soketi iliyonse, kugwira mawaya, kusuzumira kuseri kwa kabati. Anagula tibelu ta utsi n'kutipachika paliponse, mpaka kubafa, ndipo mabatire amawayesa tsiku lililonse. Tibeluto tili chete, koma iwo satikhulupirira. Akatha kuzungulira amabwera kwa ine. "Sukumva, Tsabola? Ukunena zoona sukumva?" Ndipo ine, ndi ukali wanga wonsewu, ndimasiya chimene ndikuchita n'kuzungulira nawo, chifukwa ndani angalimbe mtima kunena kuti palibe asanayang'ane?

Tsiku lina ndinatopa. Msana unkandipweteka, tinali titazungulira kale kangapo, ndipo anabweranso, maso ali tong'o, mphuno ikugwedera. Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni, kwa nthawi yoyamba chichokereni maliro. Ndinawakokera mpando n'kulankhula mofatsa momwe ndingathere.

"Alamu, palibe chikupsa. Khalani pansi, pumani pang'onopang'ono."

Ndinawamva mawuwo atatuluka kale. Iwo anayang'ana mpandowo, kenako anayang'ana ine, ndipo pang'onopang'ono anaukankhira pansi pa tebulo.

Sanakhale. Alamu anga sakhalanso pansi akamva utsi, ndipo amaumva nthawi zonse.